M'malaini mwa ku nyanja: nyumba ndi ya bwana, ana ndi ako

Anthu a m'tauni mukamva za ku Nkhata Bay mumangoganiza za kondowole, batala ndi azungu owothera dzuwa pamchenga ku Kande. Mumati kumeneko aliyense ali pakwawo, kulibe za lendi, kulibe landilodi wobwera pa 30 atakwinya nkhope. Ndikuuzeni lero, inu a mu msika wa Limbe, wa Lilongwe ndi wa Mzuzu: ku nyanja nakonso kuli malokeshoni. Kungoti kuno timawatchula kuti malaini, ndipo landilodi wake ndi yemweyo amene amakupatsa malipiro pamwezi.

Amene mumapita kukaoda usipa mukudziwa msewu wa M5. Mukachoka ku Dwangwa mumadutsa pa Tukombo, pa Kande, pa Chintheche, kenaka mumalowa mu mdima wa mitengo ya labala ya ku Vizara, pamene ana amaima m'mbali mwa msewu akudunditsa mipira yoti mugule. Mukafika pamphambano n'kukhotera ku Mzuzu, mumaima pa Mpamba kugula nthochi ndi chinangwa. Zonsezi mumaziona pa windo la minibasi. Chimene simuona ndi chakuti kuseli kwa mitengo, m'maesiteti a boma lino, muli tinyumba tondandalikana ngati mabokosi a machesi, tofanana khomo, tofanana windo, tofanana utoto. Ine ndinabadwira m'nyumba yotere ndipo ndinakuliramo. Lero ndimagula nsomba ku Kande ndi ku Chintheche n'kumakagulitsa ku Mzuzu, choncho mbali zonse ziwiri ndikuzidziwa.

Malainiwa anabwera bwanji?

Nkhaniyi ndi yakale. Mu 1881 amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, anasamuka ku Cape Maclear n'kudzakhazikika pa Bandawe, kufupi ndi Chintheche. Sukulu zinafika msanga kuno kusiyana ndi madera ambiri, ndipo Atonga ophunzira anayamba kutuluka kukagwira ntchito ya ukalaliki ndi ukapitawo ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni. Kumeneko ankagona m'makomponi a kampani. Ena anabwerako ndi njinga ndi masuti, ena sanabwerenso, ndiwo aja timawatchula kuti machona. M'modzi mwa ana a dera lino, Clements Kadalie wa ku Chifira, ndiye anayambitsa bungwe lalikulu la anthu akuda apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Ulendo wa ku migodi unadzaima mu 1974 pamene Kamuzu analetsa Wenela, ndege itagwa ku Francistown n'kupha a Malawi oposa 70. Unayambiranso pansi pa TEBA, n'kudzatheratu mu 1988.

Nthawi yomwe amuna a kuno ankapita kunja, azungu nawo ankatsegula minda kuno. A Mandala anadzala labala ku Vizara kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ku Chombe kunkalimidwa tiyi. Kumtunda ku Kawalazi kuli tiyi ndi makadamiya. Munda wa esiteti umafuna manja ambiri, ndipo umawafuna m'bandakucha. Wocheka labala amayamba kunja kusanache chifukwa utomoni umatuluka bwino kukadali kozizira. Wothyola tiyi naye sadikira dzuwa. Munthu wochokera ku Mulanje kapena ku Chitipa alibe mudzi pafupi, ndiye kampani imam'mangira pogona. Tisanamizane, amwene: nyumba ya pa esiteti si mphatso. Ndi chida cha ntchito, chimodzimodzi khasu kapena thirakitala. Chida chimabwezedwa ntchito ikatha.

Khoma limodzi, mabanja awiri

Esiteti imene ndinakulirapo dzina lake tilisunge. Bambo anga anali dalaivala wa thirakitala, ndiye tinali ndi nyumba ya zipinda ziwiri, khitchini panja. Tinalimo anthu asanu ndi awiri. Ana aamuna tinkagona pabalaza, m'mawa mphasa n'kupinda kuti pakhale podyera. Khoma la kuchipinda kwa makolo linali lomwelo la banja loyandikana nalo. Akakangana uko ife tinkadziwa wolakwa ndani iwo asanamalize. Akakazinga nyama, laini yonse inkadziwa kuti bambo wa pamenepo walandira ovataimu.

Mpopi unali umodzi laini yonse. Pampopi ndiye panali khoti, wailesi ndi nyuzipepala. Ukafuna kudziwa amene wachotsedwa ntchito, amene ali ndi pakati, amene wathawitsa mkazi wa mwini, umangotenga ndowa. Zimbudzi zinali pamzere kuseli, ndipo nkhondo yaikulu ya m'malaini siinali ya ndale ayi, inali ya kuti lero wokolopa ndani. Nyengo ya mvula, ndipo mvula ya ku Nkhata Bay mukuidziwa kuti sichita masewera, mabeseni ndi mapoto ankagona pansi podontha.

Udindo wa munthu unkaoneka ndi nyumba yake. Manejala anali pamtunda, nyumba ya magetsi, maluwa ndi mulonda. Akalaliki ndi akapitawo anali pakati, nyumba yokhala payokha. Ena tonse tinali m'malaini. Ngakhale ife ana tinkadziwa malire. Mwana wa kalaliki akakumenya, unkayamba waganiza kawiri usanabwezere, chifukwa nkhani ikafika ku ofesi wovutika ndi bambo ako.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zinali zowawa. Mu laini yathu munali Alomwe a ku Mulanje, Atumbuka a ku Mzimba, Alambya a ku Chitipa ndi Atonga eni dera. Mwana wa m'malaini pofika Sitandade 3 amakhala akuyankhula zinenero zitatu, ndipo zimenezi zikundithandiza pa geni mpaka lero. Mchere ukatha sumagona ndi ndiwo zosakolera. Mayi akadwala, mnzake wa khomo linalo amasambitsa ana ake ngati ake omwe. Pakagwa maliro, mbale inkayenda khomo ndi khomo, wina ufa, wina nkhuni, wina ndalama yachitsulo, osafunsa kuti womwalirayo ndi wa mtundu wanji kapena wa mpingo uti. Anthu otalikirana ndi kwawo amasandutsana abale. Inu a ku Ndirande ndi ku Mchesi zimenezi mukuzidziwa bwino.

Geni ya m'malaini

Apa ndiye anzanga a malonda mutchere khutu. Msika wa m'malaini umakhala ndi moyo masiku atatu basi: tsiku lolandira ndi awiri otsatira. Masiku amenewo pamakhala ngati Khrisimasi. Amayi a kaunjika amatsika kuchokera ku Mzuzu ndi mabelo, a zitenje, a mapoto, a nsapato za pulasitiki, a nyama ya nkhumba, onse amakhalapo. Pakatha sabata, m'malaini mumakhala zii. Kuyambira pamenepo malonda onse amayenda pa kabuku.

Aliyense wogulitsa m'malaini ali ndi kabuku ka ngongole. Umalemba dzina, nambala ya nyumba ndi katundu amene watenga, n'kudzatolera pamwezi. Ambiri amaona ngati ndi geni yotetezeka, chifukwa wangongole ukudziwa pomwe amagona ndiponso tsiku lomwe amalandira. Koma pa tsikulo suli wekha. Wa katapila amakhala ali pakhomo pa ofesi, wobwereka K10,000 akubweza K15,000. Wa mowa naye ali pomwepo. Ukachedwa ndi ola limodzi umapeza envulopu yauma.

Ndipo choopsa chenicheni ndi ichi: chikole cha ngongole yako ndi nyumba imene si ya wangongoleyo. Munthu akachotsedwa ntchito Lachisanu, mwezi wotsatira umapeza pakhomo paja pali nkhope zachilendo. Ngongole yako inakwera lole limodzi ndi mphasa zake, ili ku Chitipa. Ine lamulo langa ndi lakuti m'malaini sindikongoza katundu woposa amene ndingathe kumutaya osagwa naye mpamba. Ndipo ndimakongoza amayi, chifukwa mayi amachita manyazi ndi anzake a pampopi, pomwe bambo amangozemba njira.

Chiyambire kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, kabuku kanayamba kudya mwini wake. Ukakongoza sopo lero, podzalandira ndalama pamwezi umapeza kuti ku holoselo mtengo wasintha. Boma linakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa K90,000 pamwezi mu 2024, koma mitengo ya m'sitolo inali itathamanga kale kutsogolo.

Tsiku limene nyumba imaitanidwa

Bambo anga anamwalira mu June 1996, nyengo ya mwera. Laini yonse inatithandiza monga mwa mwambo. Patatha masabata awiri kunabwera a kapitawo, chipewa chili m'manja, maso ali pansi. Anali munthu woti ankadya nsima m'nyumba mwathu.

"Mayi, pepani, ine ndangotumidwa," anatero. "Akuti pomatha mwezi wamawa nyumbayi ikhale yopanda munthu. Kukubwera dalaivala wina ndi banja lake."

Amayi sanalire. Anangofunsa kuti, "Nanga a Kapitawo, chinangwa changa chili kuseliku ndichita nacho bwanji? Sichinakhwime."

A kapitawo analibe yankho. Chinangwa chija, nthochi zija, ndi mtengo wa mango umene bambo anadzala chaka chimene ndinabadwa, zonse zinatsalira dalaivala watsopano. Kampani inatipatsa lole, ndipo funso linali lakuti lole ipite kuti. Kwawo kwa bambo ku Mulanje ana amawerengedwa a kuchikazi, ndiye ife kumeneko tinali alendo. Kwawo kwa amayi, cha ku Kande, malo anali atagawana kale alongo awo pa zaka 20 zimene amayi anakhala pa esiteti. Tinakafikira m'khitchini mwa amalume, anthu asanu ndi m'modzi, kwa chaka chathunthu.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti panalibe amene anaba kapena kuphwanya lamulo. Zonse zinayenda mwa dongosolo lake. Bambo anagwira ntchito zaka zoposa 20, nyumba inali yaulere, ndipo ulere umenewo ndi umene unawagoneka tulo. Sanaumbe njerwa ngakhale imodzi. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Nyumba ya bwana ndi fodya wa pachala, mphepo ikawomba wapita.

A boma nawonso ali momwemo

Musaganize kuti izi ndi za pa esiteti pokha. Mphunzitsi, wapolisi, namwino, wa zankhalango, onse okhala m'nyumba za boma ali pa mlandu womwewo. Tsiku lopuma ntchito kalata imabwera yoti mupereke makiyi. Ndaonapo aphunzitsi aakulu, anthu amene anaphunzitsa mudzi wonse, akukachita lendi kachipinda kuseli kwa golosale podikira ndalama zawo za penshoni.

Ndipo mwayi wa nyumba ya boma ndi wa ochepa. Pitani ku Usisya, kwawo kwa malemu Kanyama Chiume, kumene njira yodalirika ndi sitima ya Ilala kapena boti, chifukwa msewu wotsika phiri nyengo ya mvula umafuna mtima. Mphunzitsi wachinyamata wotumizidwa kumadera otere funso lake loyamba ndi la nyumba. Ikasowa, amayamba kulemba makalata opempha transifa asanamasule ndi chikwama chomwe. Olipira ndi ana a asodzi amene amatsala ndi mphunzitsi m'modzi makalasi awiri.

Pa Chintheche pali nkhani inanso. Kale boma la atsamunda la dera lino linali pamenepa lisanasamukire ku Nkhata Bay. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linakonza zoti pa Chintheche pamangidwe fakitale yaikulu ya zopangira mapepala, yogwiritsa ntchito paini wa ku Chikangawa, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 53,000. Anthu anayembekezera tauni, ntchito ndi nyumba za mzere ngati za ku Kanjedza. Fakitale siinamangidwe. Paini uja anadzathera ku macheka ndi ku moto, ndipo Chintheche anatsala ndi mchenga wake.

Malonjezo a malata

M'tauni muli bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964. Nyumba za ku Chitawira, Nkolokosa, Kanjedza, Area 18 ku Lilongwe ndi Katoto ku Mzuzu ndi ntchito yake. Koma nyumba zake zonse zochititsa lendi ndi pafupifupi 6,000, m'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni. Boma la Nkhata Bay lokha linali ndi anthu pafupifupi 285,000. Ndani mwa inu ogulitsa tomato anapatsidwapo kiyi wa MHC? Malo aja a mapuloti otchipa, amene munthu ankamanga yekha pang'onopang'ono, anaperekedwa m'manja mwa makhonsolo a mizinda mu 1992, ndipo anthu akuchulukirachulukira kuposa mapuloti.

Chibwerere matipate, boma lililonse labwera ndi nyimbo ya nyumba. A Joyce Banda anakhazikitsa Mudzi Transformation Trust mu 2013. Boma la DPP litalowa mu 2014 linayambitsa sabuside ya malata ndi simenti, mabanja 80 m'dera la phungu aliyense pa chaka. Tangowerengani nokha: mabanja 80 m'dera la anthu zikwizikwi. Boma la a Lazarus Chakwera, limene linalowa mu 2020, linalonjeza nyumba 10,000 za apolisi, asilikali ndi ena achitetezo, ndipo pofika chisankho cha September 2025 nambalayo inali isanakwane. Ena anapindula ndithu, sindikukana. Koma taonani: sabuside ya malata inkafuna munthu amene ali kale ndi malo ake kumudzi. Nyumba za achitetezo nazo ndi malaini ena, kiyi amabwezedwa. Wa pa esiteti ndi venda wa mu msika sali pa mndandanda uliwonse.

Malo a ku nyanja akutha

Wina anganene kuti, bwanji osangopempha malo kwa amfumu? Zimenezo zinali kale. Kuyambira pa Kande mpaka pa Chintheche gombe labwino ladzaza ndi malo ogona alendo ndi nyumba za anthu olemera a m'tauni zokhalamo pa holide. Ntchito zabwera, inde, achinyamata ena ndi mawetala ndi alonda. Koma mtengo wa malo wakwera, ndipo wobwera wopanda ndalama amakankhidwira kumadambo kapena pafupi zedi ndi madzi. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri, inalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo kuyambira ku Mangochi, Salima, Nkhotakota mpaka kuno. Wolemera anakonza. Wosauka anayambiranso pa ziro.

Palinso malaini ena opanda mwini: misasa ya asodzi ndi ife ogula nsomba pa madoko. Anthu mazanamazana, zimbudzi zowerengeka, madzi akumwa a m'nyanja momwemo. Kolera amene anayamba mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, atafika ku Nkhata Bay mu August chaka chomwecho anakantha kwambiri pa Tukombo. Ife a geni ya usipa timagona m'misasa imeneyi sabata yathunthu podikira nsomba. Tikatenga matenda kumeneko timakawatula mu msika wa m'tauni. Khonsolo imene imadula chiphaso pa dengu lililonse iyenera kutiuza chimene ndalamazo zimagula, ngati si chimbudzi ndi mjigo.

Tichite chiyani tsono?

Ngati muli ndi m'bale m'malaini, kaya a esiteti kaya a boma, muuzeni zinthu zitatu. Choyamba, malamulo anasintha kuchokera nthawi ya bambo anga. Kuyambira mu 2011 lamulo la penshoni limakakamiza olemba ntchito kuika 10 peresenti ya malipiro a wantchito ku thumba la penshoni, wantchito naye n'kuikapo 5 peresenti, komanso kumudulira inshuwalansi ya moyo. Afunse ku ofesi ngati dzina lake lilimo, aone pepala ndi maso ake, ndipo alembetse mkazi ndi ana ngati odzalandira. Akapanda kumveka, ofesi ya zantchito ya m'boma ilipo chifukwa cha zimenezi.

Chachiwiri, lamulo la chuma cha masiye la 2011 linati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Achibale obwera ndi matumba tsiku la maliro auzidwe zimenezi mosaopa.

Chachitatu, apeze malo akadali ndi mphamvu, ngakhale kachigawo kakang'ono, ndipo pakhale pepala ndi mboni, osati mawu a pamowa. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola munthu kulembetsa malo ake kudzera m'komiti ya malo ya m'mudzi. Njerwa aumbe nyengo ya dzuwa, malata agule limodzilimodzi. Amayi ambiri a banki m'khonde amanga nyumba mwa njira imeneyi, chaka chino maziko, chaka chamawa zipupa.

Ndipo inu anzanga a mu msika musaseke a m'malaini. Benchi limene mumagulitsirapo ndi la khonsolo. Chipinda chimene mumagona ndi cha landilodi. Mu 2006 boma litalamula kuti mavenda achoke m'misewu, ambiri munaona nokha kuti malo amene mwakhalapo zaka khumi angathe kutha m'mawa umodzi. Phungu akadzabwera ndi nsalu ndi ma T-shirt, m'funseni za mapuloti okhala ndi mapepala, madzi ndi msewu, otsika mtengo moti wogulitsa usipa angakwanitse kulipira pang'onopang'ono. Akayamba kuzungulira, m'funseninso kachiwiri pamaso pa anthu. Voti yanu ndi imodzi mwa zinthu zochepa zimene palibe kapitawo angabwere kudzaitanitsa.